Kwa achibale, kuhotela, kuloji kapena m'nyumba ya lendi: kofikira mukabwera ku Blantyre patchuthi

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, mabanja ambiri amene amakhala ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Manchester ngakhalenso ku Lilongwe konkuno amayamba kufunsana za kumene akafikire akapita ku Blantyre kukaona abale, kukachita nawo ukwati kapena kukangopuma. Kale funso limeneli silinkafunsidwa n'komwe, chifukwa munthu ankangofikira kwa mlongo wake ku Chitawira kapena kwa amalume ake ku Kanjedza, ana n'kuwayalira mphasa pabalaza, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero njira zachuluka. Pali mahotela, pali maloji amene afalikira m'madera onse a mzindawu, ndipo palinso nyumba za lendi za masiku ochepa, zokhala ndi mipando, ziwiya ndi zofunda zake, zimene eni ake amachititsa lendi kwa alendo mkati mwa madera okhalamo anthu monga Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside ndi Chinyonga. Ine ndagonapo m'malo a mitundu inayi yonseyi, ndipo chimene ndaona n'chakuti nyumba ya lendi imapatsa mlendo ufulu ngati wa pakhomo pake, koma imamusenzetsanso ntchito za pakhomo zimene iye ankaganiza kuti wazisiya kumene wachokera.

Kwa achibale ndi kumene mtima umayamba kuthamangira, ndipo kwa munthu mmodzi amene wabwera masiku awiri kapena atatu, makamaka ngati wabwerera maliro, palibenso chokambirana. Koma akuluakulu ponena kuti mlendo ndi mame ankaganiza za munthu amene sachedwa kubwerera kwawo, osati banja la anthu asanu limene lafika ndi masutikesi kudzakhala milungu itatu m'nyumba ya zipinda ziwiri. Eni nyumba amasamuka kuchipinda kwawo, ana awo amagona pansi, mayunitsi a magetsi amene amatha mwezi amatha sabata imodzi, ndipo palibe amene amadandaula mokweza chifukwa mwambo sulola. Mlendo wozindikira amagula thumba la mpunga, shuga, mafuta ophikira ndi nkhuku, amasiyanso kangachepe ponyamuka, moti akawerengera bwino amapeza kuti malo aulere aja sanali aulere ayi. Vuto lina ndi la mbali inayo: kukana kufikira kwa abale kumaoneka ngati matama a matchona. Ichi chimatheka kuchikonza ngati mwalankhula nthawi ikadalipo, ndiponso mwaulemu. Mawu onga akuti, "Achemwali, ana achuluka, tisakupanikizeni, ife tizigona ku Naperi konkuno, koma nkhomaliro tizidzadya kwanu," amapoza mtima kuposa kungotulukira mutalipira kale malo ena.

Za hotela sindichulutsa, chifukwa ubwino wake ndi woonekeratu. Mahotela a pakati pa tauni monga Sunbird Mount Soche, Ryalls ndi Amaryllis ali ndi majenereta, mathanki a madzi, alonda ndi chakudya cha m'mawa, ndipo ndalama imene mumalipira kumeneko kwenikweni ndi yogulira mtendere wosaganiza za zinthu zimenezi. Kwa munthu amene wabwera pantchito mausiku awiri, kapena amene watsika ndege ku Chileka madzulo ndipo mawa lake akupitirira ulendo wa ku Mulanje kapena ku Mangochi, hotela ilibe mnzake. Banja ndiye limaona zina. Mtengo umawerengedwa pachipinda, ndiye makolo ndi ana atatu amafunika zipinda ziwiri; simungaphike phala la mwana; ndipo agogo akabwera kuchokera ku Ndirande kudzaona zidzukulu, amakhala chowuma pampando wa pamalo olandirira alendo, osadziwa poika manja, kapu iliyonse ya tiyi ikulembedwa pabilu.

Loji ili pakati. Maloji ambiri a mu Blantyre anali nyumba za mabanja m'mayadi, eni ake n'kuwonjezera zipinda kuseri ndi kulemba chikwangwani pageti, motero mumakhala m'dera lokhalamo anthu koma wina akukuyalirani bedi ndi kukuphikirani. Mukaitanitsa nsima ya chambo mumadikira ola lathunthu, koma imabwera yotentha. Chovuta n'chakuti dzina loti loji limavala aliyense, kuyambira malo aukhondo ndi abata mpaka malo amene ali ndi bala yosatseka msanga ndi alendo osagona mpaka kucha. Ambiri amachititsanso maukwati, zinkhoswe ndi maphwando pakapinga Loweruka ndi Lamlungu, ndipo Disembala ndi mwezi umene zimenezi zimachuluka. Amene ali ndi mwana wakhanda kapena wodwala afunse za chimenechi asanafunse za mtengo.

Tikafika pa nyumba ya lendi ya masiku ochepa, tizindikire kuti dzinali likuphimba zinthu zitatu zosiyana. Pali mafulati angapo omangidwa mumpanda umodzi, geti limodzi, mlonda mmodzi, nthawi zambiri omangidwira dala alendo. Pali kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, kamene kale kanali kogona antchito, ndipo kakonzedwa, kupakidwa penti ndi kuikidwa matailosi, eni ake akukhala kutsogolo. Palinso nyumba yonse payokha, ndi bwalo lake, imene mwini wake mwina ali kunja kwa dziko ndipo makiyi amasunga ndi mphwake. Pa zitatuzi, ine ndimaika mafulati a mumpanda umodzi patsogolo kwa munthu amene sadziwa bwino mzindawu, chifukwa thanki, mlonda ndi magetsi apadera zimakhala zogawana ndipo pamakhala wina amene ntchito yake ndi kuziyang'anira. Kanyumba ka kuseri kamatsika mtengo ndipo thandizo limakhala pafupi, koma maso a eni nyumba amakhalanso pafupi: amadziwa nthawi imene mwalowa, amene wakuchezerani ndi zimene mwaphika. Nyumba yonse payokha ndi yabwino kwa banja lalikulu lobwerera ukwati, koma pampu ikafa usiku, woimbira foni ali kutali ndipo vutolo ndi lanu.

Funso loyamba kwa mwini nyumba aliyense likhale la madzi, ndipo chifukwa chake chili m'mapiri a mzindawu. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo a Blantyre Water Board amawapopa kuwakweza mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Damu la Mudi ndi madzi ochokera ku Likhubula ku Mulanje amangowonjezera. Kupopa kotere kumadalira magetsi, choncho magetsi akavuta madzi amatsatira, ndipo nyumba za pamtunda ndi zimene zimayamba kuuma mipopi. Hotela inaganizira kale zimenezi. M'nyumba ya lendi muyenera kufunsa nokha ngati pali thanki, ngati ndi ya nyumba yanu yokha kapena ya mpanda wonse, ndiponso ngati madzi ake amatsika okha kuchokera pansanja kapena amadalira pampu ya magetsi. Thanki yokhala pansi yodalira pampu imakhala chokongoletsa pabwalo tsiku limene magetsi ndi madzi zathawira limodzi.

Magetsi nawo ali ndi mbiri yake. Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limapangidwa pa Shire yemweyo, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuyambira nthawi imeneyo eni nyumba ambiri anaika sola ndi mainveta, ndipo pafupifupi aliyense wotsatsa nyumba amalemba kuti magetsi apadera alipo. Mawu amenewa afunika kuwafukula. Inveta yaing'ono imayatsa mababu, wailesi ya kanema ndi intaneti, koma siyendetsa chitofu, ketulo, ayironi kapena giza, ndipo nthawi zina ngakhale furiji imene. Ndiye funsani chimene chimayaka magetsi akazima, ndiponso ngati kukhitchini kuli chitofu cha gasi. Funsaninso za mita. Nyumba zambiri zili ndi mita yolipiriratu, ndipo eni nyumba ena amaphatikiza mayunitsi pamtengo wa lendi pamene ena amangoikamo ochepa oyambira, otsalawo mugule nokha pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Njira zonse ziwiri zilibe cholakwika, bola zinenedwe musanalowe.

Chimene chinandiphunzitsa zimenezi ndi nyumba ina imene tinakhalamo masiku khumi, ine, mayi a kunyumba ndi ana. Pazithunzi inali yosiririka, ndipo kunena zoona inalidi yaukhondo. Tsiku loyamba tinagula ufa, matemba ndi nkhwani, koma titatsegula makabati tinapeza matambula a vinyo khumi ndi awiri, mafoloko ochuluka, kapoto kamodzi kowiritsira mazira, koma mthiko ndi chipande panalibe. Khitchini ija inakonzedwera mlendo wodya buledi ndi masoseji. Mlonda wa pageti, bambo wachikulire wa ku Thyolo, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Bwana, musavutike, ndikabwereka kwa mayi a nyumba yachitatuyo," ndipo posakhalitsa anabwera ndi mthiko, chipande ndi poto wamkulu wakuda kunsi. Usiku wachinayi mita inayamba kulira cha m'ma 10 koloko, magetsi n'kuzima ife tokha, nyumba zoyandikana zikuwala. Nambala ya mita inali pakhoma la kunja, ndipo ndinaiwerenga ndi tochi ya foni mvula ikuwaza, mlonda yemweyo atandigwirira ambulera. Walira mvula walira matope: tinafuna nyumba yathuyathu, ndipo tinaipeza ndi zonse zake.

Kusankha dera kumaposa kusankha nyumba, ndipo apa ndi pamene zithunzi zimanamiza kwambiri, chifukwa sizionetsa msewu. Kumayadi, monga Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside ndi Mount Pleasant, kuli mitengo, mipanda italiitali ndi bata, koma bata limeneli limatanthauzanso kuti golosale ili kutali, siteji ya minibasi ili kutali, ndipo dzuwa likalowa misewu imakhala zii. Wopanda galimoto amadalira takisi yoitana pafoni kapena kabaza wa njinga yamoto, ndipo ndalama imene anapulumutsa pokana hotela imathera paulendo. Madera apakati monga Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Kanjedza ndi Chinyonga ali ndi phokoso la ana, mawailesi ndi matchalitchi, koma tomato, makala ndi buledi zili pakona, ndipo muli pafupi ndi msewu wa Masauko Chipembere umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe kudzera pa Ginnery Corner ndi Chichiri. Amene wabwera ndi wodwala ku chipatala cha Queen Elizabeth, kapena amene ali ndi zochita mbali zonse ziwiri za mzindawu, adzapeza kuti kuyandikira msewu umenewu n'kofunika kuposa kapinga wokongola. Tisaiwale kuti Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri mpaka pamene anaphatikizidwa mu 1956, ndipo mpaka lero wotsatsa akalemba kuti nyumba ili mu Blantyre, ingathe kukhala ku Chigumula, kupitirira Limbe, kutali ndithu ndi bwalo la ndege la Chileka limene lili mbali inayo.

Nyengo nayo imasintha mayankho. Tchuthi cha Disembala chimagwa m'dzinja, ndipo kamsewu kafumbi kotsetsereka kamene kanali kabwinobwino mu Okutobala kamasanduka ngalande, moti galimoto yaing'ono yobwereka imakanika kukwera. Funsani ngati phula limafika pageti. Aliyense amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, sangaone funso la malo otsetsereka ndi ngalande ngati lachibwana. Obwera mu Juni kapena Julayi ali ndi nkhani ina: chiperoni chikagwa, Blantyre amazizira mpaka m'mafupa, ndipo nyumba ya matailosi yokhala ndi bulangete limodzi lopyapyala pabedi imasowetsa tulo. Neti yoteteza udzudzu ndi yofunika nyengo iliyonse, makamaka kwa ana obadwira kunja amene matupi awo sanakumanepo ndi malungo. Mahotela ndi maloji ambiri amakhala nazo, koma m'nyumba za lendi si zonse.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa nyumba ya lendi ndi hotela chimene sichilembedwa pamtengo. Kuhotela ndinu kasitomala, koma m'dera lokhalamo anthu ndinu neba, ngakhale mutakhala sabata imodzi yokha. Anthu a nyumba yoyandikana nayo sali patchuthi. Amadzuka m'mamawa kupita kuntchito, ndipo nyimbo zanu za pakati pausiku sizikuwasangalatsa. Mukadutsa osapereka moni amakuonani, ndipo tsiku limene mudzafune ndowa ya madzi adzakumbukira. Mukaona masamba atayalidwa pamsewu, dziwani kuti pali maliro, chepetsani liwiro la galimoto ndi kutseka wailesi, ndipo ngati maliro ali pafupi ndi nyumba yanu, phwando limene munakonza lidikire kapena lisamuke. Ana okulira ku Britain kapena ku Joni sadziwa zimenezi pokhapokha wina awauze. Kwa ine mbali imeneyi ndi phindu, chifukwa ana amaona moyo weniweni wa mzinda wa makolo awo, amene kuhotela sakadauona, koma munthu amene akufuna kupuma osalankhula ndi wina aliyense asadzivute, apite kuhotela.

Nkhani ya alendo anu ndi imene imayambanitsa anthu kwambiri ndi eni nyumba. Kwathu kuno nyumba imene mwalipira anthu anayi imakhala ndi anthu khumi ndi awiri pofika tsiku la Khirisimasi, chifukwa msuweni wa ku Bangwe wabwera ndi ana ake, mvula yagwa, minibasi zatha, ndipo simungawathamangitse. Mwini nyumba amawerengera madzi, gasi, zofunda ndi chimbudzi chake molingana ndi anthu amene munamuuza, ndipo ena amalamula mlonda kulemba aliyense wolowa. Ndi bwino kunena zoona poyamba, kuti masana kuzibwera abale ndipo mwina awiri kapena atatu adzagona tsiku lina, n'kumva yankho lake. Pa mfundo imeneyi nyumba yonse payokha imapambana, mafulati amalolera pang'ono, ndipo kanyumba ka kuseri ndi kamene kamabala mikangano.

Kapezedwe ka nyumba kali ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi ya pa intaneti, kudzera pa Airbnb, imene inayamba ku San Francisco mu 2008, kapena pa Booking.com. Ubwino wake ndi wakuti mumawerenga zimene alendo ena analemba atagonamo, ndipo pa Airbnb ndalama imadutsa m'manja mwa kampaniyo, osati molunjika kwa munthu amene simunamuonepo. Powerenga ndemangazo, dumphani zoyamikira makatani, funafunani mawu onena za madzi, magetsi, phokoso ndi msewu. Mitengo ya kumeneko kawirikawiri imakhala m'ndalama zakunja, chimene chili chopepuka kwa wolandira malipiro m'mapaundi kapena m'marandi, koma cholemera kwa wolandira makwacha, makamaka chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Njira yachiwiri ndi yolankhulana ndi mwini nyumba kapena ejenti pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'kulipira m'makwacha pafoni. Kumeneku mtengo umakambidwa, ndipo wokhala milungu iwiri kapena itatu angathe kuchotseredwa ndithu, koma kulibe wokuimirani zinthu zikalakwika, ndipo akamberembere otsatsa nyumba za eni ndi zithunzi zakuba alipo. Amene wasankha njira imeneyi atume mbale wake akaione nyumbayo ndi maso, atsegule mpopi, ayatse giza, alankhule ndi mlonda, ndipo ndalama yoyamba ituluke pambuyo pake. Zimene mwagwirizana, monga masiku, mtengo, mayunitsi, gasi, wochapa ndi ndalama ya chikole, zilembedwe mu uthenga umodzi umene nonse awiri mwauvomereza.

Powerengera ndalama, musayerekeze mtengo wa usiku umodzi wa nyumba ndi wa chipinda chimodzi cha hotela n'kuima pomwepo. Ku mtengo wa nyumba wonjezerani mayunitsi, gasi, madzi akumwa, mayendedwe ndi zogula za tsiku loyamba monga mchere, sopo, mafuta ndi machesi, zimene mumagula zathunthu ngakhale mukhale masiku atatu okha. Ku mtengo wa hotela wonjezerani chipinda chachiwiri, nkhomaliro ndi mgonero wa anthu onse, ndiponso kuchapitsa zovala. Mukatero mudzaona chifukwa chake ine ndimati munthu mmodzi kapena awiri okhala mausiku osapitirira atatu apite kuhotela kapena kuloji yodziwika, pamene banja la ana lokhala sabata kapena kuposerapo limapindula ndi nyumba ya lendi, makamaka fulati ya mumpanda wokhala ndi thanki ya pansanja ndi chitofu cha gasi, m'dera limene lili pafupi ndi abale amene mwabwerera. Ena amaphatikiza: usiku woyamba kuhotela chifukwa chofika mochedwa, masiku apakati m'nyumba ya lendi, ndipo mausiku awiri omaliza kwa amayi kapena kwa apongozi kuti pasakhale wodandaula.

Tsiku lotuluka lisiyireni nthawi yokwanira, chifukwa m'nyumba ya lendi simungosiya kiyi patebulo ngati kuhotela. Mwini nyumba kapena womuimira amabwera kudzawerenga mbale, matambula ndi mathawulo, ndipo ngati munajambula zithunzi tsiku lolowa, mkangano wa galasi limene linali losweka kale umatha msanga ndipo chikole chanu chimabwerera. Zobwereka kwa aneba zibwezedwe ndi manja anu, osati kutumiza mwana. Ife tinabweza mthiko ndi poto uja pamodzi ndi paketi ya shuga, ndipo ufa wotsala, mafuta ndi makala tinasiyira mlonda, amene anatithandiza kukweza masutikesi m'galimoto ya ku Chileka kusanache.